A Tchulani ndi Funso Lachiwiri

Dzina lawo lenileni linatsala pa khadi la penshoni basi. Anthu onse, kuyambira ana asukulu mpaka wogulitsa makala wa pakona, ankawadziwa kuti a Tchulani. Iwo ankavomera osanyinyirika, chifukwa dzinalo analigwirira ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri.

Analowa pasukulu ya sekondale ija ngati mesenjala. Ntchito yawo inali kuliza belu, kunyamula makalata ndi kuwiritsa tiyi wa aphunzitsi. Chaka china mayi amene ankataipa mu ofesi anapita kukachira ndipo sanabwerenso, mayeso ali pakhomo. Ahedi anayang'ana uku ndi uku, n'kuona mesenjala ataima ndi ketulo m'manja.

"Iwe, zala uli nazo zingati?"

"Khumi, bwana."

"Zakwana. Khala apo."

Anakhala. Poyamba ankataipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku yotola madeya, koma pofika chaka chachitatu makina aja ankalira ngati matalala padenga la malata. Kachipinda kawo kanali kuseri kwa ofesi ya ahedi. Munali tebulo limodzi, kabati yachitsulo ya maloko awiri, zenera la mawaya, ndi makina opukusira mapepala amene ankawapaka inki mpaka m'zigongono. Mayeso onse a pasukulupo ankadutsa m'zala zawo. A masamu ankawataipa atakwinya nkhope, a sayansi akuyasamula. Koma akafika a mabuku ndi ndakatulo, ankayamba asintha liboni, n'kutsuka zilembo za makina ndi kamswachi, kenako n'kukhala bwinobwino pampando.

Mphunzitsi wa phunziro limenelo anali ndi zolemba zonga mapazi a nkhuku pamatope, moti mzere uliwonse umafuna kuuwerenga katatu usanautaipe. Chaka ndi chaka ankabweretsa mndandanda wa masamba anayi woti ana atsopano aloweze. Munali mayina a zipangizo zimene alembi amakometsera nkhani, dzina lililonse ndi tanthauzo lake. Chifanifani ndi kufanizira chinthu ndi chinzake pogwiritsa mawu oti ngati. Chiyerekezo ndi kuchitcha chinthu dzina la chinzake mwachindunji. Voko ndi kukokomeza nkhani mpaka kupitirira muyeso. Umunthu ndi kupatsa mwala kapena mphepo zochita za munthu. Ana ankaloweza mndandandawo n'kuuiwala mayeso akatha. Wotaipa sankauiwala, chifukwa chaka chotsatira umabweranso.

Mafunso a mayesowo ankayenda awiriawiri ngati nsapato. Loyamba linkati: Tchulani chipangizo chimene mlembi wagwiritsa ntchito pamzere uwu. Lachiwiri linkati: Fotokozani chimene mlembi akufuna kunena. Funso loyamba linali ndi mndandanda wake uja. Lachiwiri linalibe. Mayankho ake ankakhala m'mutu mwa mphunzitsi ndi m'mapepala a ana, ndipo zimenezo sizinkadutsa pa tebulo la wotaipa. Choncho kwa zaka zonsezo munthu uyu anakhala katswiri wa nsapato imodzi.

Zinayamba pang'onopang'ono. Mwana akabwera mochedwa n'kunena kuti wathamanga mpaka miyendo yatha, mawu ankatuluka pa zenera la mawaya lija: "Voko." Mlonda akadandaula kuti geti lamukwiyira lero, "Umunthu." Sankakweza mawu ndipo sankaseka. Ankangotchula, makina osasiya kulira. Ana anayamba kudutsira dala pazenerapo, kuponyamo mawu n'kukuwa, "Tchulani, achimwene!" Ana amenewo anakula, ena anachita imvi, koma dzina linatsala.

Ndi khalidwe lomwelo limene linawapezera banja. Tsiku lina anapita ndi buluku lawo la kuntchito kwa mtsikana wina telala amene ankasoka pakhonde la sitolo. Mtsikanayo analikweza padzuwa, n'kuona mawondo otha ndi madontho a inki.

"Buluku ili lalira kale, achimwene. Lisiyeni likapume."

"Umunthu."

"Mwati chiyani?"

Anamufotokozera, manja ali kumbuyo ngati mwana wolakatula pamaso pa ahedi. Mtsikanayo anaseka mpaka mapini anagwa pakamwa.

"Ndiye kuti zolankhula zangazi zili ndi mayina?"

"Zonse."

Palibe munthu amene anali atamumvetserapo telalayo choncho. Makasitomala ankangomva mtengo ndi tsiku lodzatenga chovala. Uyu ankamva mawu aliwonse, n'kuwatola ngati batani lagwa pansi. Buluku lija silinapume, analiika zigamba ziwiri, ndipo chisanathe chaka telala uja anali mayi wa m'nyumba ya a Tchulani.

Amayiwo sanapite patali ndi sukulu, koma pakamwa pawo panali potentha. Sankanena kuti mwana wadetsedwa, ankati wabwera atavala bwalo lonse. Sankanena kuti mnansi ndi waulesi, ankati mthunzi wake ndi umene umamudzutsa. A Tchulani ankatchula, amayi n'kumayankha kuti, "Chongani, aphunzitsi," makina osokera akupalasa. Analera ana awiri pakati pa phokoso la taipi ndi la makina osokera, anawo n'kukula n'kupita kukagwira ntchito kutali.

Kenako kusukulu kunafika makompyuta. Anabwera ndi mtsikana wa zikhadabo zopaka utoto amene ankataipa osamveka ngakhale pang'ono, chinthu chimene a Tchulani sanachikhulupirire mpaka lero. Anawachitira phwando la tiyi ndi mabisiketi, n'kuwapatsa makina akale aja chifukwa panalibe wina wowafuna. Iwo anawaika pa tebulo la pabalaza n'kuwafunditsa nsalu.

Munthu wopuma pantchito akasowa chochita, banja lake ndi limene limasanduka ofesi. A Tchulani anagula kope lachikuto cholimba, n'kujambulamo mizere itatu ndi lula: tsiku, mawu, chipangizo. M'mawa uliwonse ankatulutsa mpando wawo pakhonde, pafupi ndi makina a amayi, nyuzipepala pamwendo, kope pambali. Wogulitsa makala akanena kuti makala ake ayaka mpaka chaka chamawa, zinkalowa m'kope. Kutchalitchi mlaliki akabwereza mawu amodzi kachisanu, iwo ankanong'ona kuti "Chibwereza," amayi n'kuwagunda ndi chigongono m'nthiti. Koma masamba ambiri a kopelo anali a amayi.

M'mawa wina nyengo yozizira itangoyamba, amayi anaimitsa makina n'kupukuta magalasi awo ndi m'mphepete mwa nsalu. Anawavala, anawavulanso.

"Abambo, masiku ano ndikayang'ana kumsewu kuja, ndikuona ngati ndikusuzumira m'madzi otsukira mpunga."

A Tchulani anatsitsa nyuzipepala, nkhope itawala.

"Chifanifani. Ndipo n'chatsopano chimenecho, sindinachimvepo."

Analemba. Amayi anawayang'ana kanthawi, n'kuyambanso kupalasa.

Patapita milungu ingapo anawapeza akulimbana ndi ulusi, akuunyowetsa ndi malovu, akuulozetsa pa singano, ulusi n'kumadutsa pambali.

"Singano iyi yatsinzina. Ikundikana ine mwini wake."

"Umunthu," anatero a Tchulani, n'kufunafuna cholembera m'thumba la malaya.

Mwezi wotsatira mayi wina anabweza yunifolomu ya mwana wake. Thumba linali litapendekeka, ndipo diresi lobiriwira linali litasokedwa ndi ulusi wabuluu. Chiyambire kusoka, chovala cha amayi chinali chisanabwererepo. Kasitomala atachoka, anayala diresilo pamiyendo.

"Ntchito yokongola zedi imene ndagwira apa. Ayenera kundipatsa mendulo."

"Msemphano. Mwanena zosiyana ndi zimene zili mumtima."

"Ndiye zili mumtimazo n'zotani, abambo?"

A Tchulani anali atawerama kale pa kope. Mzere wa funso limenelo munalibe.

Lachiwiri lina masana, amayi anakwera pa mpando n'kutsitsa chikwama chachikulu chimene chinkakhala pamwamba pa kabati ya zovala. Anachipukuta fumbi, anachitulutsa pakhonde, n'kuyamba kukonza zipi yake mopapasa ndi zala. A Tchulani anasuzumira pamwamba pa nyuzipepala, ndipo mtima wawo unakondwa ngati wa mlenje woona phazi la nyama.

"Kalosera," anatero. "Mlembi akamaonetsa kanthu kakang'ono kolozera zam'tsogolo. M'buku, chikwama chikatsika pa kabati ndiye kuti wina ayenda."

"Ndiye mwadziwa."

"Ndadziwa."

Anatembenuza tsamba n'kuyamba kuwerenga zampira.

Lachinayi anapita kukametetsa. Pobwera anapeza khonde lili zii, makina osokera atalowetsedwa m'nyumba, chikwama palibe. Pa chivundikiro chakuda cha makinawo panali mawu olembedwa ndi choko chosokera: NDAPITA KWA AKULU ANGA. TCHULANI. Zilembo zake zinali zazikulu ngati chikhatho, zina zitakwerana. Amayi anali munthu wa zolemba zing'onozing'ono zoongoka ngati msoko wa kolala. A Tchulani anaona kukula kwa zilembozo, n'kuganiza kuti ndi mkwiyo.

Masiku atatu otsatira sanali a ulemu. Phala linapserera kawiri. Mchere anaupeza tsiku lachitatu m'chitini cholembedwa kuti shuga, atauthira kale mu tiyi. Wogulitsa makala anafunsa kuti amayi ali kuti, iwo n'kuyankha kuti apita kukaona abale, ndipo kwa nthawi yoyamba sanafune kudziwa kuti yankho lotere lili ndi dzina lanji.

Tsiku lachinayi anavundukula makina a taipi. Anaganiza kuti nkhani yafika pampondachimera, pamene zinthu zimafika povuta zisanayambe kutsetsereka, ndipo pamafunika mlembi waluso. Anaika mapepala awiri ndi kaboni pakati. Anataipa m'mawa wonse, kalata ya masamba awiri, mmene munali chipangizo chilichonse cha pamndandanda uja, chimodzichimodzi, osadumpha. Anaipereka kwa dalaivala wa basi amene ankadutsa dera la alamu awo, n'kubwerera kunyumba akuyenda ngati munthu woti wakhoza mayeso.

Foni inalira mawa lake chakumasana. Anali alamu, akulu awo a amayi, mayi wamasiye amene anagwira ntchito yophika pachipatala mpaka kupuma, ndipo mawu awo anazolowera kupikisana ndi mapoto.

"Alamu, kalata yanu yafika. Yokongola, yaukhondo, yopanda pofufuta. Tsono mng'ono wangayu aiwerenge ndi maso ake ati?"

"Magalasi anaiwala?"

"Magalasi! Munthu ali ndi ng'ala maso onse awiri. Dzulo amuchita opaleshoni diso lakumanja. Linalo adzachita pakatha miyezi iwiri."

A Tchulani anakhala pansi, osayang'ana ngati pali mpando. Mwamwayi unalipo.

"Koma sanandiuze."

"Sanakuuzeni? Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chaimba miyezi isanu, inu muli kalikiliki kulemba dzina la ng'omayo. Akuti zonse munalemba m'kope. Katsegulenitu kope lanulo."

Foni inaduka.

Anatenga kope lija n'kukhala nalo pakhonde, pampando wa amayi. Nthawi zonse ankaliwerenga chopingasa, kuchoka pa mawu kupita pa chipangizo. Ulendo uno anaphimba mzere wa zipangizo ndi lula, n'kuwerenga mzere wapakati wokha, chotsika. Madzi otsukira mpunga. Singano yotsinzina. Dzuwa lavala chipewa cha utsi. Masitepe a kutchalitchi akundibisalira. Anthu onse mumsewu asanduka mapasa. Mendulo ya diresi lobiriwira. Zinalipo khumi ndi zinayi, chilichonse ndi tsiku lake, zolembedwa bwino ndi dzanja lawo lomwe. Mwana wa fomu yoyamba akanayankha funso lachiwiri asanamalize kuwerenga.

Anatseka kope. Anavala jekete ndi nsapato zawo za kutchalitchi, anakhoma chitseko, anabwerera kukaona ngati akhomadi, n'kupita kukakwera basi.

Kwa alamu anafika dzuwa litapendeka. Amayi anali pabalaza, pampando wa khushoni pafupi ndi zenera lotseka katani, diso lakumanja litaphimbidwa ndi thonje ndi pulasitala. Anaoneka aang'ono kuposa mmene ankaonekera kumbuyo kwa makina. Pa tebulo panali timabotolo tiwiri ta mankhwala ndi kalata ija, yotsegula.

"Alendo afika," analengeza alamu. "Mlembi mwini wake. Khalani, alamu, mumve mmene ndawerengera dzulo." Anatenga kalata, anakonza kukhosi. "'Nyumba yathu ikulira usana ndi usiku.' Nyumba imeneyo muipatse mpango. 'Mtima wanga ndi liboni youma inki.' Eee! 'Ndakufunafunani m'zipinda chikwi.' Alamu, mwamanga liti zipinda zinazo? Ine ndimadziwa zitatu."

"Akulu, musandiseketse, diso likukoka," anatero amayi, dzanja lili pa pulasitala, mapewa akugwedezeka.

A Tchulani anaima pakati pa balaza, chipewa chili m'manja. Kuseka kutatha, amayi anatembenuzira kwa iwo diso lotsala lija.

"Ndinakusiyirani funso pamakina, abambo. Tchulani."

"Loyamba ndinakhoza kale, amayi. Ndi lachiwiri limene ndinalephera."

"Lachiwiri limati chiyani?"

"Fotokozani chimene mlembi akufuna kunena."

"Fotokozanitu."

Anazunguza chipewa kamodzi. Mawu opanda chipangizo anali olemera kuposa mmene ankaganizira.

"Munkanena kuti simukuona. Munkaopa. Munkafuna kuti ndikuperekezeni kuchipatala."

Kukhitchini ketulo inayamba kulira, ndipo palibe amene ananena kuti ikudandaula.

"Ndinkaopadi," anatero amayi motsitsa. "Ndikanati ndinene mwachindunji kuti maso akufa, ndikanazimva ndekha n'kukhulupirira. Ndinkati bambo aja amamva mawu anga onse, amva."

"Ndinamva mawu."

"Eya. Mawu munamva."

Alamu anaika kalata pansi n'kupinda manja.

"Mwayankha bwino, koma pepala mwapereka belu litalira. Munthuyu sachoka pano mpaka diso lachiwiri litachira. Miyezi itatu, mwina inayi. Kumeneko angamuthire mankhwala ndani? Inu? Mudzaima ndi botolo m'manja n'kumati chiyerekezo, diso likuuma."

Miyezi inayi. A Tchulani anaganiza za khonde lija, mpando umodzi, ndi chitini cholembedwa kuti shuga. Anayang'ana kwa amayi, koma amayi anali akusalaza nsalu pa bondo, osathandiza mbali iliyonse.

"Nthawi ya mankhwala ndi iti?" anafunsa.

"Yakwana kale. Ine manja anga amanjenjemera, madontho awiri amathera patsaya, lachitatu ndi limene limalowa."

A Tchulani anaika chipewa pa tebulo n'kupempha sopo. Anasamba m'manja nthawi yaitali, monga ankachitira pochotsa inki, mpaka m'zigongono. Anawerenga kapepala ka pabotolo kawiri, milomo ikuyenda. Kenako anamatula pulasitala pang'onopang'ono, mmene ankamatulira pepala la mayeso pa makina opukusira kuti lisang'ambike. Zala zimene zinamenya zilembo zaka makumi atatu ndi ziwiri osaphonya sizinanjenjemere. Dontho limodzi linagwa pakati penipeni.

"Hmm," anatero alamu, ndipo kwa iwo chimenecho chinali chiyamikiro chachikulu.

"Kapepalako kakuti bwanji?" anafunsa amayi, diso lili chitsinzinire.

"Dontho limodzi kanayi pa tsiku, masabata asanu ndi limodzi. Pakatha mphindi zisanu, dontho la m'botolo linalo."

"Kanayi pa tsiku. M'mawa, masana, madzulo, pogona. Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Tikamaliza diso ili, tiyambirenso linalo." Pakona pa milomo yawo panayamba kugwedera. "Chimenecho mumachitcha chiyani, abambo?"

Dzina lake linabwera lokha, linakwera pakhosi, linafika kuseri kwa mano. Alamu analiona likubwera ndipo anatsamira kutsogolo. A Tchulani anameza.

"Amenewa ndi mankhwala, amayi. Kwezani mutu, latsala linalo."

Amayi anakweza mutu. Mphindi zisanu zitakwana, dontho lachiwiri linalowa ngati loyamba. Anakhala choncho kanthawi, nkhope ili kudenga, amuna awo atagwirizira thonje.

"Akulu," anatero kenako, "chikwama chija munaika pati?"

A Tchulani anamva kuti amayi akufuna kubwerera nawo kunyumba, ndipo dzina la zimenezo ankalidziwanso. Anatseka kabotolo, anamata pulasitala bwinobwino, n'kutsatira alamu awo kuchipinda kukachinyamula.